Kodi Prison Break ikubweradi? Mphekesera, oulula mathero ndi kudikira sizoni yatsopano

Kadzidzi: Abale, ndithandizeni. Foni yanga yadzaza ndi kakanema kosonyeza kuti Prison Break ikubweranso ndi sizoni 6. Michael Scofield ali ndi ndevu zaimvi, kumbuyo kwake zinthu zikuphulika, pansi alemba kuti mwezi wamawa. Kodi n'zoona, kapena ndikagone?

Ankolo Dikoda: Kagoneni amwene. Kakanema kameneko kamabadwanso chaka ndi chaka, amangosintha deti. Tsegulani pomwe afotokozera za kanemayo pa YouTube, muwerenge mpaka pansi, mupeza timawu takuti concept kapena fan made tatabisika pamenepo. Amatola zidutswa za mafilimu ena omwe Wentworth Miller, wosewera ngati Michael uja, anasewera n'kuzilumikiza, ndipo masiku ano akuwonjezera nkhope zopangidwa ndi AI. Chomwe akufuna n'choti mudine basi, poti ndalama za otsatsa malonda zimatsata kuchuluka kwa oonera. Sewerolo linayamba pa Fox mu 2005, linatha mu 2009, linabwereranso mu 2017 ndi magawo 9 okha. Mu Novembala 2020 Miller ananena yekha pa Instagram kuti za Michael wathana nazo. Chomwe chinalengezedwa pambuyo pake ndi sewero latsopano la Hulu, dzina lomwelo koma anthu ake ena.

Kadzidzi: Mwandigwetsa mphwayi ankolo.

Make Tadala: Komanso inu mukulifuniranji? Munthu tinamulira, manda ake tinawaona ndi maso athuwa, patapita zaka akutiuza kuti sanafe. Tinakuwa kuti libwerere, litabwera mu 2017 tinayamba kuyang'anana. Walira mvula walira matope. Sewero likatha bwino lisiyeni ligone.

Mphwanga: Aaa mayi! Ine ndili pa sizoni 2, ndangoyamba kumene. Mwati manda a ndani?

Make Tadala: A munthu wina wake mwanawe, usadandaule kkkk. Koma sewero la 2005 ukuliyamba lero, unali kuti?

Mphwanga: Ndinali kumsana, mayi. Ndiye mwandiwonongeratu.

Mlamu Wanu: Pepa mphwanga. Gulu lino ukalowa usanamalize kuonera umalowa mutu uli m'manja.

NaBanda wa Rimoti: Nkhani youlula mathero imeneyi ine imandisowetsa poima. Kudana nako ndimadana nako, koma amene amandiululira kwambiri ndi ine ndemwe. Ndikadzuka, ndisanasambe n'komwe, ndimayamba ndaona masamba a Uzalo ndi Skeem Saam pa Facebook. Mwezi ukamatha ndimasaka ma teaser a mwezi wotsatira pa tsamba la pa intaneti la TVSA, aja amalemba mizere iwiri pa gawo lililonse: uje apeza kalata yomwe isinthe zonse, uje alandira mlendo yemwe samamuyembekezera. Mwezi wathunthu ndimaumeza nthawi imodzi. Masana kuntchito ndili pa ndemanga, kukangana ndi anthu osawadziwa za banja la mkazi yemwe kulibeko n'komwe. Madzulo sewero lenilenilo silikwana mphindi 30 ukachotsa otsatsa malonda, ndipo theka lake ndimaonera maso ali pafoni, kuwerenga zomwe ena akunena za chomwe ndikuonacho. Bambo a kunyumba anandifunsa tsiku lina kuti, kodi iwe umakonda sewero kapena nkhani za sewero? Ndinangowapatsa rimoti kuti asiye mafunso.

Make Tadala: NaBanda, mwandijambula ine pamenepo. Koma ma teaser aja amanamanso mwaulemu. Akalemba kuti uje akumana ndi tsoka lalikulu, iwe n'kukhala sabata yonse mtima uli m'mwamba, tsikulo litafika ukupeza kuti wangotaya makiyi a galimoto.

NaBanda wa Rimoti: Ndiye ntchito yake imeneyo asisi. Ma teaser amachokera kwa eni sewero omwewo. Amakupatsa zokwanira kuti usagone, koma osati zokwanira kuti usaonere.

Chemwali wa Zee: Inu bola, anu mumaonera limodzi ndi eni ake. Ife a Zee World tili pa moto wina. Twist of Fate ija dzina lake lenileni ndi Kumkum Bhagya, ndipo ku India linayamba mu 2014 pa Zee TV. Ife limatipeza litasinthidwa dzina, mawu atawaika m'Chingerezi, eni ake atapita kale kutali. Ndiye ukangolemba dzina la Pragya, mayi wa m'sewerolo, pa Google kuti uone m'mene amaonekera kunja kwa sewero, ukukumana ndi zithunzi za anthu omwe pa gawo lomwe uli sanabadwe n'komwe. Ndipo ukadina kamodzi, foni imadziwa. Mawa lake Facebook, TikTok, YouTube, zonse zikukuponyera mathero usanapemphe.

Ankolo Dikoda: Pamenepo pali kochita achemwali. Pa X mukhoza kuletsa mawu ena kuti asamaoneke, mumangolemba dzina la sewero ndi maina a anthu ake. Pa YouTube kanema wotere akatulukira musamutsegule, dinani pa timadontho titatu tija musankhe kuti simukumufuna. Zimachepa ndithu. Chovuta ndi chithunzi cha pamwamba, chifukwa ena amaika nkhope ya womwalirayo ndi mtanda pomwepo, maso aona kale usanaganize.

Mlamu Wanu: Nanga mnzako wa kuntchito amene amakupatsa moni ndi mawu akuti, mwaona m'mene amuphera uja? Ameneyo timadina pati ankolo?

Ankolo Dikoda: Ameneyo alibe batani alamu.

Madala: Ana inu mukuyesa zimenezi zayamba ndi mafoni. Kunali sewero la ku America lotchedwa Dallas. Mu Malichi 1980 sizoni inatha ndi munthu wosaoneka nkhope akuwombera J.R. Ewing, mkulu wa zamafuta yemwe aliyense m'sewerolo anali ndi chifukwa chomudera. Basi, kanema n'kuzima pamenepo. Dziko linakhala ndi funso limodzi miyezi 8, anthu kusindikiza malaya, ena kubetcherana ndalama. Kudikirako kunatalika chifukwa chaka chomwecho ochita masewero ku America ananyanyala ntchito, komanso Larry Hagman, yemwe ankasewera ngati J.R., anali pa zokambirana za malipiro ake. Opanga sewerolo poopa kuti chinsinsi chituluka anajambula anthu angapo aliyense akuwombera mfuti, kuti ngakhale ogwira ntchito pamalopo asadziwe weniweni. Yankho linatuluka pa 21 Novembala 1980, ndipo anthu pafupifupi 83 miliyoni ku America kokha anaonera usiku umenewo. Chomwe chasintha n'chakuti kale chinsinsi chinkasungika mpaka tsiku lake, ndipo onse ankachimva ola limodzi. Lero aliyense ali ndi ola lake, ndiye amene watsogola amaponda wotsalira.

Mphwanga: Ndiye anawombera ndani Madala?

Madala: Iwe womwe umalira kuti akuululira? Kafufuze wekha.

Kadzidzi: Kkkk Madala asunga chinsinsi cha 1980. Koma za ola limodzizo n'zoona. Nthawi ya Game of Thrones, sizoni yomaliza ija ya 2019, ine ndinkatchera alamu ya 3 koloko m'bandakucha, ola lomwe M-Net inkaonetsa limodzi ndi HBO. Osati kuti sindikanatha kudikira madzulo, koma ndinkadziwa kuti ndikangotsegula foni kutacha, chithunzi choyamba chikhala cha womwalira wa sabata imeneyo. Lolemba lililonse ndinkafika kuntchito maso ali psuu. Dzina la Kadzidzi linachokera kumeneko.

Mlamu Wanu: Kusagona konseko, malipiro ake anali magawo 6 ndi kapu ya khofi yoiwalika pa tebulo pamaso pa mfumukazi.

Kadzidzi: Musandikumbutse alamu. Anthu oposa 1 miliyoni anasaina pa intaneti kupempha kuti sizoniyo ijambulidwenso. Palibe chinachitika, koma mtima unatsikako.

aPhiri Adimini: Pepani ndilowererepo, chifukwa madandaulo a oulula mathero akhala akundipeza ku inbox. Tiyeni tigwirizane lero. Maganizo anga ndi awa: masewero a tsiku ndi tsiku, monga Uzalo ndi Skeem Saam, tizikamba momasuka likangotha kuonetsedwa, poti amene waphonya amadziwa yekha kuti asalowe pagulu. A kamodzi pa sabata tizidikira masiku awiri. Omwe amatuluka sizoni yonse tsiku limodzi, masabata awiri.

Chemwali wa Zee: Masabata awiri achepa aPhiri. Ena tili ndi ana, gawo limodzi timalionera masiku atatu, kuimitsa, kubwerera, kugona pakati.

Kadzidzi: Ayi achuluka! Ine ndikamaliza Loweruka usiku ndikhale masabata awiri nditatseka pakamwa? Pofika nthawi imeneyo moto wazima, ndaiwala n'zomwe ndimafuna kunena.

Ankolo Dikoda: Mkangano wanu awiriwu anaubweretsa ndi Netflix mu 2013, pomwe inatulutsa magawo onse 13 a House of Cards tsiku limodzi. Kuonera kunakoma, koma kucheza kunafa, chifukwa palibe awiri amene ali pa gawo limodzi. N'chifukwa chake HBO sinasiye kutulutsa kamodzi pa sabata, ndipo Netflix yomweyo masiku ano sizoni zina imazidula pawiri, monga inachitira ndi Stranger Things 4 ndi Bridgerton 3. Akufuna anthu azikamba za sewerolo kwa miyezi iwiri, komanso alipire miyezi iwiri.

aPhiri Adimini: Chabwino, tichite chonchi. Masabata awiri akhale pomwepo. Amene sangathe kupirira alembe dzina la sewero ndi nambala ya gawo pamwamba, asiye mizere yopanda kanthu, kenako anene zakezo pansi. Masewero akale nawonso chimodzimodzi, chenjezo pamwamba, chifukwa a Mphwanga alipo ambiri. Wophwanya kawiri apuma sabata imodzi kunja.

Make Tadala: Lamuloli likuyamba lero eti? Zam'mbuyo zisawerengedwe.

aPhiri Adimini: Likuyamba lero mayi, mwapulumuka.

NaBanda wa Rimoti: Ine chomwe chimandilepheretsa kuzolowera masewero a Netflix ndi HBO ndi kudikira. Anga a tsiku ndi tsiku ndimadziwa kuti Lolemba alipo, mvula kaya dzuwa. Koma enawa! Wednesday inatuluka mu Novembala 2022, sizoni yachiwiri mpaka Ogasiti 2025. Squid Game 2021, yotsatira Disembala 2024. Ikamabwera umakhala utaiwala kuti uyu ndi m'bale wa ndani, uja anakwiyiranji. Kodi zaka zonsezo amakhala akutani?

Ankolo Dikoda: Zifukwa zilipo zingapo. Kale masewero a pa wailesi zazikulu za ku America ankakhala ndi magawo 22 kapena 24 pa chaka, ndipo ankalemba uku akujambula, uku akuonetsa. Olemba, ojambula ndi osewera anali pa ntchito imodziyo pafupifupi chaka chonse. Lero sizoni ndi magawo 8 kapena 10, koma gawo lililonse amalipanga ngati filimu. Amayamba amaliza kulemba zonse, kenako kujambula, kenako miyezi yambiri pa kompyuta kuika zinjoka ndi zilombo, kenako kumasulira m'zilankhulo zambirimbiri kuti lituluke tsiku limodzi dziko lonse. Pamwamba pa izo, kampani nthawi zambiri imayamba yaona m'mene sizoni yoyamba yayendera isanavomere yachiwiri. Pofika povomera, wosewera wamkulu wasaina kale filimu ina, ndiye onse adikire iye.

Kenako panabwera 2023. Bungwe la olemba la WGA linanyanyala ntchito kuyambira pa 2 Meyi mpaka pa 27 Seputembala, masiku 148. Bungwe la osewera la SAG-AFTRA linalowanso pa 14 Julayi mpaka pa 9 Novembala, masiku 118. Nkhani zikuluzikulu zinali ndalama zomwe amalandira sewero likamaonetsedwabe, zomwe pa makampani a pa intaneti zinali zochepa poyerekeza ndi za pa wailesi, komanso mantha oti AI iwalanda ntchito kapena nkhope zawo zizigwiritsidwa ntchito iwo osadziwa. Kujambula Stranger Things 5 kunaima chifukwa cha zimenezi. Mwambo wa mphoto za Emmy womwe umayenera kuchitika mu Seputembala 2023 unasunthidwa kufika Januwale 2024.

Mlamu Wanu: Ana a mu Stranger Things aja anayamba mu 2016 akuyenda pa tinjinga. Pomaliza anali ndi mawu a besi, koma akutiuzabe kuti ali kusukulu.

Agogo a Generations: Kunyanyala mukukamba inuko ife tinakuona pafupi mu 2014. Generations inali pa SABC kuyambira 1994, zaka 20 zathunthu, 8 koloko madzulo nyumba inkakhala chete. Mu Ogasiti chaka chimenecho osewera 16 ananyanyala, kufuna malipiro abwino, makontirakiti a zaka zitatu ndi gawo lawo pa ndalama za magawo obwerezedwa. Onse anachotsedwa ntchito, kuphatikizapo Menzi Ngubane ndi Sophie Ndaba. Magawo ojambulidwa kale atatha, sewero linazima miyezi iwiri, Skeem Saam n'kulowa pa ola lake. Pa 1 Disembala linabwerera ngati Generations: The Legacy, nkhani italumpha zaka 20, nkhope zambiri zachilendo. Ine ndinaonera sabata yoyamba ndili ngati mlendo m'nyumba mwanga momwe. Kuyambira pamenepo ndinayamba kuwerenga nkhani za kuseri kwa kamera, chifukwa ndinaona kuti munthu akamwalira m'sewero kapena akapita kunja mwadzidzidzi, kawirikawiri nkhani yeniyeni ili pa kontirakiti.

Make Tadala: Zoona agogo. Ukamva kuti uje wapeza ntchito ku London ndipo anyamuka mawa, dziwa kuti ku ofesi sanamvane. Akamutumiza kunja ndiye kuti khomo alisiya lotsegula. Akamuika m'bokosi ndiye kuti akwiyitsana zenizeni.

Mlamu Wanu: Ngakhale bokosilo silitsimikiza kanthu mayi. Ngati mtembo sunaoneke, kapena galimoto inagwera m'madzi, ameneyo abwera ndi dzina lina, ataiwala zonse.

Madala: Dallas yomweyo inapha Bobby, mng'ono wa J.R., mu 1985. Oonera atayamba kuchepa anamubweza mu 1986, mkazi wake wakale akumupeza akusamba m'bafa, n'kutiuza kuti sizoni yonse yapitayo anali maloto.

Mphwanga: Madala, chenjezo pamwamba!

aPhiri Adimini: Madala, kamodzi kameneko.

Madala: Ndamva bwana. Sewero la zaka 40 zapitazo, koma ndamva.

Chemwali wa Zee: Kusiyana ndi kupha, ine bola asinthe wosewera. Mayi Vivian a mu The Fresh Prince of Bel-Air anasintha nkhope mu 1993, Janet Hubert kuchoka, Daphne Maxwell Reid kulowa, banja n'kumapitiriza ngati palibe chachitika. Maso amazolowera.

Kadzidzi: Zimatengera ndi munthu wake achemwali. Pomwe analengeza mu Okutobala 2022 kuti Henry Cavill akusiya The Witcher ndipo Liam Hemsworth atenga malo ake, ine ndinaona ngati sewerolo latha tsiku lomwelo. Ena nkhope yawo ndiye sewero.

Koma poti tafika apa, ndinene mfundo yanga yomwe anzanga amandinena nayo. Ine masiku ano sewero latsopano sindiliyamba mpaka nditamva kuti lafika kumapeto, kapena kuti sizoni yachiwiri yavomerezedwa. 1899, ya pa Netflix ija, inandiphunzitsa. Inatuluka mu Novembala 2022, gawo lomaliza linatsegula mafunso ochuluka kuposa omwe linayankha, ndipo kumayambiriro kwa Januwale 2023 analengeza kuti basi, sipitirira. Nthawi yanga ndi mtima wanga ndiziperekerenji pa nkhani yopanda mathero?

Ankolo Dikoda: Apa ndiye tisiyana amwene. Inu ndi anzanu odikira ndinu amene mukuthandiza kupha masewerowo. Netflix inafotokoza yokha mu 2019, m'kalata yopita ku komiti ya nyumba ya malamulo ya ku Britain, kuti imawerenga nyumba zomwe zayamba kuonera ndi zomwe zamaliza sizoni m'masiku 7 oyambirira, komanso m'masiku 28 oyambirira. Ndiye taganizani. Sewero latuluka, theka la omwe akanalikonda akuti tidikire tione ngati lipitirire. Masiku 28 atha, manambala achepa, kampani ikuti anthu sakulifuna, n'kulitseka. Odikira aja n'kumati mwaona, tinanena ife. Chikhalirecho alitseka ndi iwo omwe.

Kadzidzi: Ndiye mukuti ndizionera mothamanga kuti ndisangalatse kampani? Ine ndimalipira kuti ndizionera pa nthawi yanga. Imeneyo ndiye inali nkhani yomwe anatikopa nayo poyamba.

NaBanda wa Rimoti: Apa ndili ndi a Kadzidzi. Zafika poti kuonera kwasanduka ntchito. Umalize msanga kuti asakuululire, umalize msanga kuti asalitseke, Lachiwiri uone mndandanda wa Top 10 wa Netflix ngati lako lilipo. Kusangalala kuli pati pamenepo?

Ankolo Dikoda: Sindikuti n'zabwino, ndikungonena m'mene makinawo amayendera. Ndipo si zachilendo kwenikweni. Pa wailesi za ku America chiweruzo chinkachokera ku manambala a Nielsen, kampani yowerengera oonera, ndipo mwezi wa Meyi, pomwe wailesi zimaonetsa otsatsa malonda ndondomeko ya chaka chotsatira, unali mwezi wa maliro kwa okonda masewero. Kusiyana kwake n'koti manambala a Nielsen ankatuluka poyera mawa lake, aliyense ankaona kuti lake likudwala. Makampani a pa intaneti anakhala zaka akubisa awo. Netflix inayamba kutulutsa lipoti la maola oonera pa miyezi 6 iliyonse mu Disembala 2023. Ndipo kuchuluka kwa oonera pakokha sikupulumutsa. Amayerekeza ndi mtengo wopangira. Sewero lodula likufunika khamu lalikulu, lotchipa limatha kukhala ndi ochepa.

Make Tadala: Nanga a tsiku ndi tsikuwa mukuyesa ndi otetezeka? Isidingo inayamba mu 1998, inatsekedwa mu Malichi 2020. Rhythm City inatha mu 2021. 7de Laan kuyambira 2000 mpaka Disembala 2023. Chakudza sichiimba ng'oma. Koma bola amenewa amapatsidwa miyezi yoti amange nkhani zawo, anthu atsanzikane bwinobwino.

Mphwanga: Kodi oonera akakuwa zimathandiza? Ndimaona ma hashtag a save chakuti, save chakuti.

Ankolo Dikoda: Nthawi zina. Mu 2007 CBS itatseka Jericho, oonera anatumiza mtedza wolemera matani pafupifupi 20 ku maofesi a wailesiyo, potengera mawu ena a m'gawo lomaliza. CBS inagonja, inapereka magawo ena 7, koma oonera sanachuluke ndipo linatsekedwanso. Mu Meyi 2018 Fox inatseka Brooklyn Nine-Nine, tsiku lotsatira NBC inalitola. Mwezi womwewo Fox inatsekanso Lucifer patatha masizoni atatu, Netflix inalitenga mu Juni n'kulifikitsa pa sizoni 6. Manifest inatsekedwa ndi NBC mu Juni 2021, pa nthawi yomwe anthu anali kuionera mwaunyinji pa Netflix, ndipo pa 28 Ogasiti Netflix inalengeza magawo 20 omaliza. Detilo analisankha dala, poti ndege ya m'sewerolo ndi nambala 828, ndiye kuti mwezi wa 8, tsiku la 28.

Koma taonani bwino. Pa onsewa panali kampani yomwe inawerengera n'kuona phindu. Phokoso limathandiza pomwe manambala ali kale pafupi. Money Heist ku Spain inayamba pa Antena 3 mu 2017, oonera anapita nachepa, ndipo nkhani inali itatha. Palibe anatumiza mtedza. Netflix inangoiika pa mndandanda wake, dziko lonse n'kuigwira, kenako ndalama zinapezeka zopangira zigawo zina mpaka 2021.

Kadzidzi: Ndiye mwandithandiza ankolo. Money Heist anthu anaipeza itatha kale, ndipo sinafe. Odikirafe tinaiukitsa.

Ankolo Dikoda: Imeneyo inali ndi mathero ake kale, ndipo munaionera nonse nthawi imodzi itangofika pa Netflix. Kwa Netflix amenewo ndiwo anali masiku 28 oyambirira. Simunadikire, munangochedwa kumva.

Mlamu Wanu: Awiriwa tikawasiya afika mawa.

Agogo a Generations: Ine ndifunse zina. Mdzukulu wanga amanditumizira nkhani zoti wosewera uje wamwalira, uje wachotsedwa, uje wamangidwa. Kangapo konse ndalira munthu wamoyo. Inu mumadziwa bwanji zoona?

NaBanda wa Rimoti: Agogo, mukaona mutu wa nkhani wobisa dzina, wakuti wosewera wotchuka watisiya, dinani muone, imeneyo itayeni. Nkhani yoona imatchula dzina pamwamba pomwe, ndipo imanena kuti watsimikiza ndani, kaya banja, kaya wailesi, kaya kampani yopanga sewerolo. Ine ndimapita pa tsamba lenileni la sewerolo kapena la wailesi yake. Ngati munthu wamkulu wamwaliradi, sipadutsa maola ambiri iwo asanalembe, ndipo nyuzipepala zodziwika zonse zimakhala nayo. Ikakhala pa tsamba limodzi lokha lodzaza ndi zotsatsa malonda, ndi bodza lamkunkhuniza.

Ankolo Dikoda: Za ku America, nkhani zoti sewero lavomerezedwa, latsekedwa kapena wosewera wasintha zimayambira ku Variety, Deadline ndi The Hollywood Reporter. Masamba ena ambiri amangokopera kumeneko n'kuthira mchere. Muzisamalanso mawu. Kunena kuti akukambirana, kapena kuti akulemba, si kunena kuti avomereza kujambula. Masewero ambiri amafera pa kulemba pomwepo. Ndipo wosewera akafunsidwa ngati angakonde kubwerera, iye n'kuyankha mwaulemu kuti angakonde, mawa lake mutu wa nkhani umati watsimikiza kuti akubwerera.

Chemwali wa Zee: Chinanso chondinyansa ndi anthu opita pa tsamba la wosewera kukamutukwana chifukwa cha zomwe wachita m'sewero. Mayi wangogwira ntchito yake bwino, mawu anamulembera ndi ena, koma ndemanga zake ngati waba mwamuna wa munthu zenizeni.

Make Tadala: Amenewo ndi omwe amakuwira TV kuti usalowe m'nyumbamo, ali kuseri kwa chitseko!

NaBanda wa Rimoti: Kukuwira TV ndiye tonse asisi, musatinyoze.

aPhiri Adimini: Mkangano wa ankolo ndi a Kadzidzi wandipatsa ganizo. Bwanji tisankhe sewero limodzi tizionera limodzi ngati gulu, magawo awiri pa sabata, Lamlungu madzulo n'kumakambirana? Palibe wotsogola, palibe wotsalira.

Kadzidzi: Ndavomera, koma likhale lotha kale, lokhala ndi mathero.

Ankolo Dikoda: Likhale latsopano, tilithandize kukhala ndi moyo.

Chemwali wa Zee: Magawo awiri pa sabata ndikwanitsa, bola asakhale a ola lathunthu.

Agogo a Generations: Lisakhale la zilombo, ine ndimagona ndekha.

Kadzidzi: Ndiye magawo awiri pa sabata, sizoni ya magawo 10, ndi masabata asanu. Masiku 28 anu aja adutsa tisanamalize ankolo. Ndi gulu lonse tikhala tikulipha limodzi.

Ankolo Dikoda: Tipange atatu pa sabata.

Chemwali wa Zee: Ndatuluka.

aPhiri Adimini: Khalani pansi achemwali, awiri ndi awiri basi. Aliyense aponye dzina limodzi pofika Lachisanu, alembenso kuti likupezeka pati komanso ngati linatha kapena likupitirira. Loweruka tivota. Alamu, dzina limodzi, osati mndandanda ngati ulendo watha uja.